Musanaphunzire kudumpha pa trampolini, phunzirani kuima

Munthu akakwera koyamba trampolini, chipangizo chodumphapo cha nsalu yokungidwa ndi masipuling'i, mtima wake umakhala kumwamba. Amafuna kuona kuti afika pati. Mphunzitsi wodziwa ntchito yake sayambira pamenepo, amayamba ndi kuima. Wophunzira amanjanja pang'onopang'ono pakati pa nsalu, mphunzitsi n'kukuwa kuti "Ima!" Mapazi akangokhudza nsalu, wophunzirayo apinde mawondo ndi chiuno mwachangu, matako abwerere kumbuyo ngati akufuna kukhala pampando, manja atambasukire kutsogolo. Akachita bwino, mphamvu yonse imene ikanamuponya m'mwamba imathera m'miyendo, iye n'kungoti njo pamalo pomwepo. Akalephera, nsalu imamunyamula n'kumupititsa kumene sanafune. Anthu ambiri amavulala motere: munthu waona kuti wapendekeka, koma sadziwa kuthetsa kunjanjako, ndiye kudumpha kotsatira kumakamugwetsera pa masipuling'i kapena pansi penipeni.

Ambiri amaganiza kuti nsalu yakuda ija ndi imene imatanuka ngati mphira. Ayi. Pa matrampolini a panyumba nsaluyo imalukidwa ndi ulusi wolimba wa pulasitiki wotchedwa polypropylene, ndipo siitanuka kwenikweni. Amene amatanuka ndi masipuling'i omwe amaikoka kuzungulira felemu yachitsulo. Mukaponda, nsalu imalowa pansi, masipuling'i amakokeka n'kusunga mphamvu ya kulemera kwanu, kenako amabwerera n'kukubwezerani mphamvuyo. Koma amaibweza molunjika kumene thupi lanu lapendekekera. Mukatera mutawerama, mupita kutsogolo. Mukatera mapazi atatsogola, mapewa ali kumbuyo, mupita chagada. Kalakwitsidwe kakang'ono pa kudumpha koyamba kamakula pa kwachiwiri, pa kwachitatu mumakhala mwafika kale m'mphepete.

Trampolini ya masiku ano anaipanga ndi George Nissen ndi Larry Griswold m'zaka za m'ma 1930 pa yunivesite ya Iowa ku America, ndipo cholinga chawo chinali kuphunzitsira ochita masewera a gymnastics kutembenuka m'malere. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali apamadzi a dziko la America ankaigwiritsa ntchito pophunzitsa oyendetsa ndege kuti azizindikira kumene kuli kumwamba ndi kumene kuli pansi thupi likamazungulira. Mfundo yake ndi yakuti chipangizochi chinayambira m'manja mwa aphunzitsi, pamalo okhala ndi woyang'anira. Zoti chisanduke choseweretsa cha ana kuseri kwa nyumba zinabwera pambuyo pake, ndipo malamulo a aphunzitsi aja sanatsagane nacho.

Kwa munthu wamkulu amene akungofuna kulimbitsa mtima, kuchepetsa thupi kapena kupatsa miyendo mphamvu, katrampolini kakang'ono ka m'nyumba kamene m'masitolo amakatcha rebounder n'kokwanira. Ine ndimaona kuti n'kamene kali ndi phindu lalikulu pa ngozi yochepa. Kamakhala kozungulira, m'mimba mwake pafupifupi mita imodzi, ndipo kamatalika masentimita 20 mpaka 25 kuchoka pansi. Kena kamakhala ndi masipuling'i achitsulo, kena zingwe za mphira. Ka masipuling'i kamabweza msanga ndipo kamachita phokoso, pamene ka zingwe n'kofewa, kamalowa pansi kwambiri ndipo sikasokosa. Musanagule, werengani makilogalamu amene opanga alemba kuti kakhoza kunyamula, ndipo kulemera kwanu kukhale kotsikirapo ndithu. Munthu wolemera pa katrampolini kofooka amakagunda pansi ndi phazi nsalu ikafika pothera, ndipo kugunda kumeneko kumamveka mpaka m'chiuno. Yang'ananinso denga. Mutaima pamwamba pake n'kukweza manja, pakhale mpata wokwanira, ndipo musakaike pansi pa fani kapena getsi lolendewera.

Pa katrampolini kameneka simudumpha kupita m'mwamba, mumaponda kupita pansi. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Imani pakati, mapazi atalikirane molingana ndi chiuno chanu, mawondo apindike pang'ono, thupi liwerame pang'ono kuchokera m'chiuno, msana uli wowongoka, mimba mutaikunga. Kenako kankhani nsalu ndi phazi lonse, chidendene chizifika pansi. Mapazi azinyamuka masentimita ochepa chabe. Mutadziyang'ana pagalasi, mutu uzioneka kuti uli pafupifupi pamalo amodzi pamene miyendo ikugwira ntchito pansipo. Mukatero kwa mphindi imodzi yokha, ntchafu ndi matako zimayamba kutentha, mpweya n'kuyamba kuchepa. Amene amangodzisiya kuti nsalu izimuponya akhoza kukhalapo theka la ola thukuta osatuluka, chifukwa ntchitoyo akugwira ndi masipuling'i osati iye.

Zolakwika zimene zimaonekaoneka ndi zomwezomwezo. Wina amanjanja ndi zala zokha, chidendene chili m'malere, ndipo mawa lake akatumba a kumiyendo ndi kunsi kwa phazi zimawawa moti amalephera kutsika masitepe. Wina amatera mawondo atawongoka gwa, choncho kugwedezeka konse kumadutsa m'mawondo n'kukathera m'munsi mwa msana. Winanso mawondo ake amapindikira m'kati, ngati akufuna kugundana, nthawi iliyonse akatera. Zimenezi zimasonyeza kuti minofu ya m'matako ndi yofooka kapena nsalu ndi yofewa kwambiri moti mapazi akupendekera pakati. Mankhwala ake ndi kuchepetsa mphamvu yopondera ndi kuonetsetsa kuti bondo likuloza kumene chala chachiwiri cha phazi chaloza. Ndiye pali kuyang'ana mapazi. Mutu ukazolika, thupi limautsatira, ndipo chizungulire chimabwera msanga. Sankhani chinthu chimodzi pakhoma, chofanana ndi msinkhu wa maso anu, muziyang'ana chimenecho.

Kumapazi, ndi bwino kukhala opanda nsapato kapena kuvala masokosi okhala ndi timphira kunsi. Masokosi wamba amaterera. Amene mapazi ake amawawa kale akhoza kuvala nsapato zamasewera zogwira bwino.

Sabata yoyamba, mphindi zisanu patsiku n'zokwanira, ndipo mphindi ziwiri zoyambirira mapazi asachoke n'komwe pa nsalu: mungogwedezeka, kulowa ndi kutuluka, kuti akakolo ndi mawondo azolowere. Kuchoka apo yambani kuguba, bondo lina m'mwamba kenako linzake, n'kupita ku kuthamanga pamalo amodzi. Mukakhazikika, onjezani kutambasula ndi kubweza miyendo, kupotoza chiuno kumanja ndi kumanzere mapewa ali phee, komanso kudumphira uku ndi uku mapazi ali pamodzi. Sabata iliyonse onjezani mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka mufike mphindi 20 kapena 30. Amene akufuna kupuma mwawefuwefu achite masekondi 30 mwamphamvu, masekondi 30 mofatsa, abwereze kakhumi. Njira yodziwira mlingo ndi kulankhula: ngati mukutha kulankhula koma simungaimbe, muli pa mlingo wapakatikati. Ngati mukungotulutsa mawu awiri atatu n'kupuma, mwafika pa mlingo waukulu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuti pa sabata azichita mphindi zosachepera 150 za mlingo wapakatikati kapena 75 za mlingo waukulu, komanso masewera olimbitsa minofu masiku awiri. Katrampolini kangakupatseni mphindi zimenezo, koma masiku awiri a minofu aja sikangakuchitireni. Manja, chifuwa ndi msana zimafuna ntchito yawoyawo.

Potsika, imani kaye, kenako tsikani phazi limodzilimodzi. Musadumphire pansi. Ubongo umakhala utazolowera kuti pansi pabweza, ndipo miyendo imakhala yokonzekera nsalu yofewa, choncho simenti imakudzidzimutsani. Kwa kanthawi miyendo imalemera ndipo mukayesa kudumpha mumaona ngati wina wakugwirani. Zimatha zokha mukayenda pang'ono.

Ogulitsa amakonda kutchula kafukufuku wa NASA, bungwe la ku America loona za maulendo a m'mlengalenga. Kafukufukuyo alipodi, anasindikizidwa mu 1980, ndipo anayerekeza kuthamanga pa makina othamangirapo ndi kudumpha pa trampolini. Anapeza kuti pothamanga kugwedezeka kumachuluka kwambiri pa akakolo poyerekeza ndi pamsana ndi pamutu, pamene pa trampolini kumagawika mofananirako m'thupi. Koma anthu amene anayesedwa anali anyamata asanu ndi atatu okha, ndipo ankadumpha pa trampolini yaikulu osati kakang'ono ka m'nyumba. Zonena kuti chipangizochi chimachotsa poizoni m'thupi kapena kuchiza matenda akutiakuti sizichokera m'kafukufuku ameneyo, ndipo musagule chifukwa cha mawu oterowo. Phindu lake lenileni ndi lokwanira palokha: mtima umathamanga, miyendo imalimba, munthu amaphunzira kudziimika bwino osadzandira, ndipo mawondo salandira kugunda kouma kwa pamsewu.

Sikuti ndi masewera a aliyense. Mayi woyembekezera, munthu amene wangochitidwa opaleshoni, amene mafupa ake anayamba kufumbutuka ndi ukalamba, amene amadwala chizungulire, amene ali ndi vuto la m'kati mwa diso, komanso wa matenda a mtima kapena BP yosakhazikika, ayambe waonana ndi dokotala. Anthu ena amene ali ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa Down syndrome amakhala ndi mafupa a m'khosi osagwirana mokwanira, choncho ayenera kupimidwa kaye asanakwere trampolini ya mtundu uliwonse. Okalamba amene akufuna kuyeserera kudziimika agule katrampolini kokhala ndi chogwirira, koma azingochikhudza ndi zala, osachitsamira ndi thupi lonse, chifukwa kakhoza kupendeka.

Pali nkhani ina imene ambiri amachita nayo manyazi, ndiyo kudontha kwa mkodzo podumpha. Zimachitikira amayi ambiri, makamaka amene anaberekapo, ngakhalenso atsikana ochita mpikisano amene sanaberekepo. Nthawi iliyonse mukatera, za m'mimba zimakankhira pansi, ndipo ngati minofu yogwira chikhodzodzo siingathe kupirira, mkodzo umatuluka. Si chinthu chochititsa manyazi, koma sichofunikanso kungochipirira. Pitani kuchimbudzi musanayambe, bwererani ku kunjanja kumene mapazi sachoka pa nsalu, siyani kaye kutambasula miyendo, ndipo musamagwire mpweya potera. Yambani kulimbitsa minofuyo poikunga ngati mukugwira mkodzo kwa masekondi angapo n'kuimasula, kangapo patsiku. Zikapitirira, kapena mukamamva kulemera kumunsi, kaonaneni ndi a chipatala.

Trampolini yaikulu ndi nkhani ina. Za panyumba zambiri zimakhala zozungulira, kuyambira mamita awiri ndi theka mpaka kupitirira anayi m'mimba mwake, ndipo zimakokera munthu pakati. Za makona anayi zimaponya m'mwamba kwambiri ndipo sizikubwezerani pakati, n'chifukwa chake ndi zimene amaphunzitsira. Pa yaikulu, mukatha kuima, chotsatira ndi kudumpha mowongoka. Mapazi amatalikirana pang'ono potera ndipo amakumana m'malere, zala zitaloza pansi. Manja amakwera kudzera kutsogolo pamene mukunyamuka, n'kutsikira m'mbali pamene mukubwerera. Maso amakhala kumapeto kwa trampolini, osati pa mapazi kapena kumwamba. Muyeso wake ndi kudumpha kakhumi motsatizana n'kumatera pamalo amodzimodzi pakati. Amene sangathe zimenezi asawonjezere kutalika.

Kenako amabwera maonekedwe a m'malere: kukokera mawondo pachifuwa n'kuwagwira, kutambasula miyendo kutsogolo ili pamodzi n'kukhudza zala, kapena kuitambasula motangadza. Zonsezi zimachitika mukafika pamwamba penipeni, osati ponyamuka. Wofulumira kupinda thupi asanachoke bwino pa nsalu amazungulira mosafuna.

Kutera chokhala kumaoneka kophweka, koma kumathyola manja a anthu. Miyendo iwongoke kutsogolo, matako, ntchafu ndi zidendene zifike pa nsalu nthawi imodzi, zikhatho zikhale m'mbali mwa chiuno cha kumbuyo pang'ono, zala zitaloza kumapazi, zigongono zili zofewa. Zala zikaloza kumbuyo, chigongono chimakhomeka osatha kupinda, ndipo nsalu ikamabwerera mphamvu yonse imathera pamenepo. Kutera chafufumimba kumaphunziridwa kuyambira pogwada ndi manja ndi mawondo, n'kuponya miyendo kumbuyo kuti mimba igwere pomwe panali pakati pa thupi, ntchafu, mimba ndi mikono zifike pamodzi. Wodziponya kutsogolo ngati akudumphira m'madzi amafika chifuwa choyamba, miyendo n'kupitirira m'mwamba, msana n'kupindikira kumbuyo. Kutera ndi mawondo okha, kumene ana amakukonda, aphunzitsi ambiri salola n'komwe chifukwa chiuno chikangotsala pang'ono msana umakwapulika. Ndipo mukaona kuti mukugwa molakwika, musatambasule dzanja kuti mudzitchinjirize. Bwezani manja pathupi, mugwe ndi malo aakulu, nsalu ikulandireni.

Lamulo limene silifuna kukambirana ndi lakuti pa trampolini pazikhala munthu mmodzi. Bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, linanena mu 2012 kuti pafupifupi ngozi zitatu mwa zinayi zilizonse zimachitika pamene anthu angapo akudumpha limodzi, ndipo bungweli limalangiza makolo kuti asakhale ndi trampolini yoseweretsa pakhomo. Kugundana mitu ndi mbali imodzi chabe. Choopsa kwambiri ndi ichi: wamkulu akatera, nsalu imalowa pansi n'kuyamba kubwerera ndi mphamvu ya kulemera kwake. Ngati mwana akutera pa nthawi imeneyo, sakumana ndi nsalu yofewa. Amakumana ndi nsalu yokungika imene ikukwera kudzamugunda, mwendo wake uli wowongoka. Fupa la msongolo limathyoka m'munsi mwa bondo, mwana asanagwe n'komwe kapena kugundana ndi wina aliyense. Makolo amadabwa kuti mwana wangoyamba kulira n'kukana kuponda. Nthawi zina nsaluyo imamuponya m'mwamba kuposa mmene amayembekezera, iye n'kutaya mayendedwe. Wopepukayo ndi amene amapweteka. Mwana wosakwana zaka 6 asakwere trampolini yaikulu, chifukwa mafupa ake akadali anthete ndipo sanayambe kulamulira bwino thupi. Neti ya m'mbali imathandiza kuti munthu asagwere kunja, koma zonse ndafotokozazi zimachitikira m'kati mwa neti.

Chipidigoli pakhomo ayi. Munthu akazungulira moperewera kapena mopitirira amatera ndi mutu kapena khosi, ndipo kufa ziwalo kwa moyo wonse kumachokera pamenepo. Kumalo ophunzitsira, wophunzira amamangidwa lamba m'chiuno wokhala ndi zingwe zodutsa pa mawilo a kudenga, mphunzitsi atagwira chingwe kuti amuimitse m'malere zikavuta. Pamakhalanso matiresi amene amakankhiridwa pa nsalu kuti aphe kunjanja, ena okhuthala kumapeto onse awiri, ndi anthu oima m'mbali maso ali pa wodumphayo. Amene akufunitsitsa kuphunzira kutembenuka apite kumalo otero.

Kumeneko ndi kumene trampolini imaonetsa ntchito yake pa masewera ena. Odumphira m'madzi kuchokera pamwamba, a gymnastics, ndi a masewera otsetsereka pa chipale chofewa a ski ndi snowboard amene amatembenuka m'malere, onse amayeserera pa trampolini. Chifukwa chake n'chakuti imawapatsa nthawi yaitali m'malere ndipo akhoza kubwereza kusuntha kumodzi kambirimbiri popanda kukwera nsanja kapena phiri. Amaphunzira kuona pamene atere akadali mozondoka, ndi kudziwa nthawi yotambasula thupi kuti kuzungulira kuchepe. Koma kwa othamanga mtunda waufupi, a mpira ndi ena ofuna kudumpha kuchokera pa nthaka, ndikuchenjezeni. Pothamanga mwaliwiro phazi limakhala pansi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, pamene pa trampolini limakhala nthawi yotalikirapo kangapo, ndipo kubweza kumachokera ku masipuling'i osati ku mitsempha ya mwendo. Choncho siingalowe m'malo mwa kudumpha pa nthaka yolimba. Imathandiza pa tsiku lopumitsa mawondo, pa kulimbitsa mtima, ndi pobwezeretsa kakolo amene anabinya, motsogozedwa ndi wachipatala.

Payokha trampolini ndi mpikisano. Wa padziko lonse woyamba unachitikira ku London mu 1964, ndipo inalowa m'masewera a Olimpiki ku Sydney mu 2000, kumene anapambana ndi Irina Karavaeva ndi Alexander Moskalenko a ku Russia. Rosie MacLennan wa ku Canada anatenga golide kawiri motsatizana, mu 2012 ndi 2016. Nsalu ya mpikisano ndi yotalika mamita 4.28, mulifupi mamita 2.14, yolukidwa ndi tizingwe tating'ono totalikirana kuti mpweya uzidutsa, ndipo akatswiri amafika mamita 8 m'mwamba. Amachita mitembenuko 10 motsatizana osapumira. Oweruza amaona kuvuta kwa mitembenukoyo, ukhondo wa kachitidwe, nthawi imene wakhala m'malere, ndi mmene wasunthira kuchoka pakati. Pomaliza pake ayenera kuima chilili osasuntha phazi, apo ayi amadulidwa mapointi.

Amene waganiza zogula yaikulu ngakhale wamva zonsezi, aiike pamalo athyathyathya, pa udzu kapena dothi lofewa osati pa simenti. Malo akakhala otsetsereka, kumbani mbali yokwera. Musachirikize miyendo ya mbali yotsika ndi njerwa, zimasuntha. Kuzungulira konse pakhale mamita osachepera awiri opanda khoma, mtengo kapena mpanda, ndipo kumwamba kusakhale nthambi kapena mawaya a magetsi. Pomanga, masipuling'i sayikidwa motsatizana kuzungulira. Mukatero, pofika kumapeto nsalu idzakhala itakokekera mbali imodzi moti otsalawo sadzafika. Ikani imodzi, kenako ina mbali yoyang'anizana nayo, kenako ziwiri za pakati pa zimenezo, n'kumapitiriza choncho mukuwerenga mabowo a felemu ndi ngowe za nsalu kuti zizigwirizana. Gwiritsani ntchito kachitsulo kokokera kamene kamabwera m'bokosi, ndipo valani magulovu, chifukwa sipuling'i ikapulumuka imatsina chala koopsa. Mukatha, phimbani masipuling'i ndi felemu yonse ndi siponji yake n'kuimanga, kenako khomerani miyendo pansi ndi zikhomo. Mphepo yamkuntho imanyamula trampolini yathunthu. Makwerero muzichotsa mukamaliza, kuti ana aang'ono asakwere okha.

Dzuwa limawononga neti, siponji ndi ulusi wosokera ngowe za nsalu, mvula imabweretsa dzimbiri. Musanakwere, zungulirani n'kuyang'ana. Neti ikayamba kuyera n'kumathothoka mukaikoka ndi dzanja, yatha ntchito ngakhale ikuoneka yathunthu. Kabowo pa nsalu, ulusi wosomphoka pa ngowe, kapena felemu yopindika ndi zifukwa zokwanira zoletsera aliyense kukwera mpaka zitakonzedwa. Nsalu yonyowa imaterera, idikireni iume. Sipuling'i imene mukaichotsa siibwereranso n'kugwirana, koma imaoneka mipata pakati pa mapindi ake, yafooka. Kusowa kwa imodzi yokha kumalemetsa zoyandikana nazo, nazonso zimafooka msanga, ndipo mbali imeneyo imayamba kuponya munthu mokhota. Pogula yolowa m'malo, chotsani ina yabwinobwino, muiyeze kuchokera ku ngowe ina kufika ku inzake isanakokedwe, ndipo mugule ya muyeso womwewo.